Mthunzi ndi Chithunzi: Mbiri ya Kanema wa Anthu Wamba pa Wailesi ya Kanema

Munthu amene anayamba kutcha pepala lokhala ndi nkhope ya munthu kuti "chithunzi" sanapite kukabwereka dzina kwa alendo, koma anatola liwu limene linali kale pakamwa pa makolo. Liwuli ndi la banja limodzi ndi "mthunzi" ndi "chithunzithunzi," ndipo m'menemo muli nzeru, pakuti mthunzi suoneka kumene kulibe kuwala. Masana dzuwa likuswa mtengo munthu aliyense ayenda ndi chithunzithunzi chake, koma usiku wa mdima wa ndiwe yani ngakhale mfumu ikhala yopanda chake. Chomwechonso ndi chithunzi cha papepala kapena cha pagalasi la wailesi ya kanema: wochilemba ndiko kuwala, kamera ingolandira zimene kuwalako kwaipatsa.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya kanema wojambulidwa ndi anthu wamba, ndiko kuti anthu osalembedwa ntchito yojambula, m'mene analowera pa wailesi ya kanema, kumene kale kunali kwa akatswiri okhaokha. Tidzaona kuti kanema wotere, amene poyamba anali kunyozedwa chifukwa cha kusaoneka bwino kwake, anasanduka mboni yoopedwa ndi maboma ndi yomveredwa m'mabwalo a milandu. Koma tidzaonanso kuti mboni imeneyi inena zokhazo zimene kuwala kunailola kupenya, ndi kuti nthawi ina kachigawo kamene kanabisika m'chimbuuzi ndiko kanatembenuza mlandu wonse.

Njala ya kamera

Tisanafike pa zochitikazo, tiyambe tamvetsa m'mene kamera ipenyera. Diso la munthu ndi chinthu chodabwitsa: mukatuluka m'nyumba yowala ndi kulowa mumdima, pakapita kanthawi muyamba kuzindikira njira ndi mitengo. Kamera yojambula kanema ilibe kudekha kotere, pakuti iyenera kutenga zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi imodzi, ndipo chithunzi chilichonse chilandira kuwala kwa kanthawi kochepa koposa kuphethira kwa diso. Akatswiri ayesa kuwala ndi muyeso wotchedwa lux. Kandulo imodzi iunikira chinthu chimene chili pa mtunda wa mita imodzi ndi kuwala kwa pafupifupi lux imodzi. Chipinda chowerengeramo chokhala ndi magetsi okwanira chikhala ndi lux 300 kapena 500. Dzuwa la masana lifika pa lux 100,000. Koma mwezi wathunthu, umene ana asewerapo pabwalo mpaka usiku, sukwana ngakhale lux imodzi.

Kuwala kukachepa, kamera ili ndi njira zitatu zodzithandizira, ndipo iliyonse ili ndi msonkho wake. Ikhoza kukulitsa kabowo kolowerapo kuwala, koma pamenepo zapafupi zikaoneka bwino zakutali zichita chimbuuzi. Ikhoza kutalikitsa nthawi imene chithunzi chilichonse chilandira kuwala, koma pamenepo munthu akathamanga, kapena dzanja la wojambula likanjenjemera, chithunzi chikhala ngati inki yopukutidwa ndi chala isanaume. Ikhozanso kukweza mphamvu ya timagetsi timene kuwalako kwabala m'kati mwake. Koma izi zifanana ndi kukweza mawu a wailesi pomvera siteshoni yakutali: mawu akwera, inde, koma kusokosera kukwera nawo limodzi. Pa chithunzi kusokoseraku kuoneka ngati mchenga wonyang'ama pagalasi, mitundu ya zinthu nizilala. Owerenga asunge zitatuzi mumtima, pakuti tikumana nazo m'mbiri yonseyi.

Khomo lotseka

Wailesi ya BBC inayamba kuulutsa zithunzi mwa dongosolo pa 2 Novembala 1936 kuchokera ku Alexandra Palace mumzinda wa London. Makamera a masiku amenewo anali osusuka kuwala, kotero kuti m'zipinda zojambuliramo anali kupachika nyali zambiri zamphamvu, oyimba ndi olankhula nakhetsa thukuta ngati anthu olima m'mwezi wa Okutobala. Kuchokera pamenepo amisiri a mawailesi anakhazikitsa miyeso yawo ya chithunzi choyenera kuulutsidwa, ndipo chilichonse chopelewera pa miyesoyo chinali kubwezedwa pakhomo. Munthu wamba, amene kamera yake inali ya filimu yopapatiza ya mamilimita 8, anali kujambula maukwati ndi ana ake kuti akaonetse abale pakhoma la m'nyumba, osaganizako zakuti dziko lonse lingaonere ntchito ya manja ake.

Woyamba kugwedeza khomo limeneli mwamphamvu anali Abraham Zapruder, mwini fakitale yosoka zovala za amayi mumzinda wa Dallas ku America. Pa 22 Novembala 1963 iye anaima pambali pa msewu ndi kamera yake ya Bell & Howell kuti ajambule Pulezidenti John F. Kennedy akudutsa pa galimoto, ndipo m'masekondi 26, m'zithunzi 486, anajambula kuphedwa kwake. Filimu ya Kodachrome imene anali nayo inali yofuna kuwala kochuluka. Koma nthawi inali 12:30 masana, kumwamba kuli mbee, ndipo dzuwalo ndilo linachititsa kuti mitundu ya zovala ndi kugwedezeka kwa thupi zioneke bwino, mpaka ofufuza anatha kuwerenga zithunzizo chimodzichimodzi. Mwambowo ukadakhala wa madzulo, kamera yomweyo ikadabwerera kunyumba ndi mdima wokhawokha. Magazini ya Life inagula kanemayo ndi kumsunga, ningosindikiza zithunzi zina papepala, ndipo anthu a dziko lonse la America anamuona akuyenda pa wailesi ya kanema koyamba mu Malichi 1975, patapita zaka zoposa 11.

M'zaka zimenezo zipangizo zinali kusintha. Mu 1967 kampani ya Sony inatulutsa makina onyamulika ojambulira patepi, otchedwa Portapak. Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Laboratories anapeka kachipangizo kotchedwa CCD, kamene kasandutsa kuwala kukhala timagetsi towerengeka. Ntchito imeneyi inawapatsa mphotho ya Nobel mu 2009. Mu 1985 kunabwera Handycam, kamera ya tepi yokwana m'dzanja limodzi. Mawailesi anayamba kutsegula khomo pang'ono: ku America pulogalamu ya America's Funniest Home Videos inayamba mu 1989, ndipo ku Britain BBC inayamba Video Diaries mu 1990, m'mene anthu wamba anali kupatsidwa makamera kuti afotokoze moyo wawo. Komabe kwa akonzi ambiri kanema wa munthu wamba anali woseketsa chabe, wa mwana wogwa pa njinga kapena galu woba nyama. Nkhani zenizeni zinali zidakali m'manja mwa akatswiri.

Usiku wa ku Los Angeles

Pa 3 Malichi 1991, nthawi itangopitirira pakati pa usiku, George Holliday, mmisiri wa mipope ya madzi wokhala ku Lake View Terrace mumzinda wa Los Angeles, anadzidzimuka kutulo ndi phokoso la helikopita ndi kulira kwa magalimoto a polisi. Anatenga Handycam yake yatsopano, naima pakhonde la nyumba yake yam'mwamba, nayamba kujambula zimene zinali kuchitika kutsidya kwa msewu. Apolisi anali atazinga munthu wakuda dzina lake Rodney King, amene anali atamthamangitsa chifukwa choyendetsa galimoto mwa liwiro lopitirira. Ndipo anam'menya ndi ndodo zawo koposa ka 50, namponda ndi nsapato, iye ali pansi.

Kuwala kumene kunalipo kunali kwa nyali za magalimoto ndi kwa nyali yaikulu ya helikopita imene inali kuzungulira pamwamba. Taonani chodabwitsa: nyali imene apolisi anayatsa kuti aone wothawa ndiyo inawaonetsa iwo eni kwa anthu a dziko lonse lapansi. Popanda iyo kamera ya Holliday sikadatola kanthu. Ngakhale zinali choncho kuwalako kunali kopelewera; chithunzi chinali chamchengamchenga, mitundu itazilala pafupifupi kutheratu, nkhope zosazindikirika bwino. Koma kukwera ndi kutsika kwa ndodo kunaoneka, ndipo wailesi ya KTLA, imene Holliday anaipatsa tepiyo, inaiulutsa pa 4 Malichi, mawailesi ena naitenga ndi kuibwereza kosawerengeka.

Tsono pano ndi pamene pagona nkhani. Masekondi oyamba a tepiyo, oposa khumi pang'ono, ambiri mwa iwo anali achimbuuzi, pakuti kamera inali kugwedezeka, ndi galasi lake linali lisanalunjike bwino mumdimawo. Akonzi a KTLA, potsata mwambo wa ntchito yawo wakuti chosaoneka bwino sichiulutsidwa, anadula chigawo chimenecho, ndipo anthu ochuluka anazolowera kanema wodulidwayo. Koma m'masekondi odulidwawo munali pamene King anadzuka pansi ndi kuthamanga cha kumene kunali wapolisi mmodzi. Kodi anali kum'lumphira wapolisiyo, kapena anali kungofuna mpata wothawira? Anthu anatsutsana, ndipo chithunzi chachimbuuzicho sichinathe kuwalanditsa.

Pamene apolisi anayi anazengedwa mlandu ku Simi Valley mu 1992, anthu wamba 12 osankhidwa kuti agamule mlanduwo, monga mwa mwambo wa mabwalo a ku America, anaonetsedwa tepi yonse kuyambira pachiyambi. Oimira apolisi anaiyendetsa pang'onopang'ono, naiimika pa chithunzi chilichonse, namasulira kugwedezeka kwa mwendo kapena kwa mkono wa King kuti kunali kufuna kudzuka ndi kulimbana nawo. Pa 29 Epulo 1992 bwalo silinapeze wapolisi ndi mmodzi yemwe wolakwa. Anthu amene anaona kukwapulako ndi maso awo pa wailesi anapsa mtima, mzinda nuyaka moto masiku asanu ndi limodzi, ndipo anthu oposa 60 anafa. Chaka chotsatira, 1993, bwalo la boma lalikulu la dzikolo linapeza awiri mwa apolisiwo, Stacey Koon ndi Laurence Powell, olakwa pophwanya ufulu wa King, ndipo analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 30.

Sitinena kuti masekondi odulidwawo analungamitsa kumenya munthu wogona pansi, iyayi. Bwalo lachiwiri linaona tepi yomweyo yonse, nilitsutsa olakwa. Chimene tinena n'chakuti anthu a m'misewu ndi anthu a m'bwalo loyamba anaona makanema awiri osiyana, ndipo chowasiyanitsa chinali chiweruzo cha mkonzi pa kaonekedwe ka chithunzi. Akulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, wodula chiyambi cha nkhani chifukwa chakuti sichioneka bwino, apatsa mdani wa choonadi chida chakuti adzanene kuti, "Zina anakubisirani."

Kufika kwa dijito

Tepi ya Holliday inali ya mtundu wakale, imene ukaikopa chithunzi chinka chifooka, monga nsalu yochapidwa kawirikawiri. Njira ya dijito ndi ina: chithunzi chigawidwa m'timadontho tambirimbiri, ndipo kuwala ndi mtundu wa kadontho kalikonse zilembedwa ngati nambala, nambala ukaikopa kakhumi ikhala yomweyo. Steven Sasson wa kampani ya Kodak anapanga kamera ya dijito mu 1975, ya timadontho 10,000 tokha, yotenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi. Patapita zaka 20, mu 1995, kunatuluka makamera a anthu wamba a mtundu wa DV, amene m'maiko a kuno ndi a ku Ulaya anali kujambula timadontho 720 m'mbali ndi 576 m'mwamba, ndiwo muyeso womwewo wa wailesi ya kanema ya masiku amenewo. Kwa nthawi yoyamba munthu wamba anagwira m'manja chida chimene, dzuwa likakhala bwino, chithunzi chake chinali kuyandikira cha akatswiri. Ndipo mu 2000 ku Japan kunayamba kufala mafoni am'manja okhala ndi kamera.

Koma dijito siilenga kuwala kumene kulibe, ndipo inabwera ndi nthenda yakeyake. Kuti kanema akwane patepi yaing'ono kapena m'foni, makina afinya manambala aja, nataya zimene aganiza kuti diso silidzazifuna. Masana kufinyaku sikuonekera kwambiri. Koma mumdima, pamene mchenga uja wachuluka, makina asokonezeka posiyanitsa chinthu chenicheni ndi mchengawo, ndipo nkhope ya munthu isweka m'timabokosi ngati khoma la njerwa.

Zochitika ziwiri zoyandikana zionetsa bwino kusiyana kumeneku. Pa 26 Disembala 2004 chivomezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi chilumba cha Sumatra chinautsa mafunde aakulu amene anapha anthu pafupifupi 230,000 m'maiko ozungulira nyanja ya mchere ya India. Atolankhani sanalipo pamene madzi anali kukwera, koma alendo okacheza ku magombe a Thailand ndi anthu a ku Banda Aceh analipo ndi makamera awo. Popeza kunali m'mawa, dzuwa litatuluka, zithunzi zawo zinaoneka bwino, ndipo mawailesi a dziko lonse anadalira zimenezo pofotokoza tsokalo. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, pa 7 Julayi 2005, mabomba anaphulika m'sitima zitatu za pansi pa nthaka ndi m'basi imodzi ku London, napha anthu 52. Opulumuka anayenda m'ngalande zamdima, mounikidwa ndi tinyali tofooka, ndipo ena anajambula ndi mafoni awo. Mafoni ambiri a nthawi imeneyo anali kujambula kanema wa timadontho 176 m'mbali ndi 144 m'mwamba, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 16 a chithunzi cha wailesi. Zimene zinatuluka zinali mithunzi ya anthu yoyenda mu utsi, yosazindikirika nkhope. M'maola asanu ndi limodzi oyamba BBC inalandira zithunzi zoposa 1,000 ndi makanema 20 kuchokera kwa anthu wamba, ndipo ena mwa makanemawo anaulutsidwa pa nkhani za tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo mwambo wakale unatembenuzika. Akonzi anavomereza kuti chithunzi choipa cha chinthu chachikulu chiposa chithunzi chokongola cha pamalo pamene chinthucho chatha kale. Oonera nawonso anaphunzira kukhulupirira kanema wonjenjemera ndi wamchenga, poganiza kuti wotere ngwosakonzedwa, ngwa munthu amene analipo ndithu. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi mbali yake yoopsa, pakuti wabodza nayenso akhoza kugwedeza kamera dala, ndipo mumdima n'kovuta kuzindikira ngati kanemayo ngwa mzinda uno kapena wina, wa chaka chino kapena cha kale. Chifukwa chake mu 2005 momwemo BBC inakhazikitsa kagulu ka antchito kofufuza zithunzi zotumizidwa ndi anthu zisanaulutsidwe.

Mphamvu ya mboni imeneyi inanka ikula. Pa 20 Juni 2009 mtsikana Neda Agha-Soltan anawomberedwa m'misewu ya Tehran pa nthawi ya zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho cha ku Iran, ndipo kanema wa pafoni wa imfa yake anafika pa mawailesi a maiko ambiri. Omujambula, amene maina awo sanaululidwe, anapatsidwa mphotho ya utolankhani ya George Polk. Pa 25 Meyi 2020 mumzinda wa Minneapolis, Darnella Frazier, mtsikana wa zaka 17, anajambula wapolisi Derek Chauvin atagwada pakhosi pa George Floyd kwa mphindi zoposa 9 mpaka munthuyo anasiya kupuma. Chikalata choyamba cha apolisi chinangonena za munthu amene anaoneka kuti wadwala, osatchula za bondo. Yerekezani tsono kanemayu ndi wa Holliday. Nthawi inali itapitirira 8 koloko madzulo, koma kumaiko a kumpoto amenewo m'mwezi wa Meyi dzuwa lichedwa kulowa, kotero kunali kudakali koyera. Mtsikanayo anaima pafupi, nagwira foni osagwedeza, najambula osalekeza. Nkhope zinaoneka, mawu anamveka, panalibe chimbuuzi chobisalamo. Pa 20 Epulo 2021 Chauvin anapezedwa wolakwa pa mlandu wakupha, ndipo chaka chomwecho bungwe la mphotho ya Pulitzer linalemekeza Frazier mwapadera.

Kamera ndi khungu lakuda

Pali chinthu china m'mbiri imeneyi chimene chikhudza ife mwachindunji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kutumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu, lodziwika ndi dzina lakuti Shirley, kuti aziyesera pamenepo makina awo. Khungu loyera linasanduka muyeso, ndipo nkhope zakuda zinali kutuluka zopanda tsatanetsatane, maso ndi mano okha ndiwo akuoneka. Ena mwa odandaula amene anamvedwa anali opanga chokoleti ndi mipando ya matabwa, amene anaona kuti filimuyo siisiyanitsa bwino mitundu yodera ya malonda awo. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linatuluka m'zaka za m'ma 1990.

Kamera ya dijito yodzisankhira yokha kuwala ili ndi vuto lofanana nalo. Iyo iyang'ana chithunzi chonse, niyesa kuchiika pakatikati pa kuyera ndi kuda. Mukaimika munthu wakuda patsogolo pa khoma lopaka laimu, kapena pakhomo kumbuyo kwake kuli dzuwa, kamera iona kuyera kochuluka, nichepetsa kuwala, ndipo munthuyo asanduka chithunzithunzi chenicheni. Ndiye chifukwa chake kanema wa paukwati, m'mene mkwatibwi wavala zoyera mbee, kawirikawiri aonetsa bwino deresi koma nkhope ayi. Mankhwala ake ngapafupi: kuwala kugwe pankhope, kusakhale kumbuyo kwa munthu.

Makina okonza mdima

Kuyambira cha m'ma 2018 mafoni ambiri anaphunzira kujambula usiku potenga zithunzi zingapo motsatizana ndi kuziphatikiza, nasalaza mchenga uja. Pambuyo pake kunabwera mapulogalamu a kompyuta amene atenga kanema wachimbuuzi namuyeretsa. Koma pano tiyenera kusamala, pakuti pulogalamu yotere siibweza zimene kamera inalephera kutola. Iyo ilota zimene zikadakhalapo, potengera zithunzi zina zambirimbiri zimene inaphunzitsidwa nazo, nizijambula pamalo pa chimbuuzicho. Mu 2024 woweruza wa m'chigawo cha Washington ku America anakana kulandira pa mlandu wakupha kanema wa pafoni wokonzedwa mwa njira imeneyi, poona kuti akhoza kusokeretsa ogamula mlandu. Mu 1991 choopsa chinali kudula chosaoneka. M'zaka za 2020 chakhala kudzaza chosaonekacho ndi zopeka. Mboni yonena kuti "sindinaone bwino" ndi yokhulupirika koposa yonena zomveka bwino zimene sinazione.

Ntchito ya mphunzitsi

Ku Malawi wailesi ya kanema inayamba mu 1999, ndiye kuti inafika pafupifupi nthawi imodzi ndi kamera ya dijito, ndipo ana amene mudzawaphunzitse sadziwa dziko lopanda kanema wa pafoni. Pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera paphiri la Soche kulowa m'nyumba za ku Chilobwe mu Malichi 2023, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kumwera, mafoni a anthu wamba anathandiza kufikitsa tsokalo m'maso mwa dziko. Mwa ana a m'kalasi mwanu muli ena amene tsiku lina adzakhala pamalo pamene pachitika chinthu chachikulu, foni ili m'manja; ndipo onse adzakhala oonera.

Phunziro la kuwala silifuna chuma. Tengani chitini chopanda kanthu, muboole kabowo kakang'ono ndi singano kumatako kwake, kukamwa kwake mumangeko pepala lopyapyala lopaka mafuta. Mwana afunde nsalu yokhuthala kumutu pamodzi ndi mbali ya pepalalo, naloze kabowoko ku mtengo umene uli padzuwa. Adzaona mtengo uli chadodolido papepala. Mukakulitsa bowo chithunzi chidzawala koma chidzachita chimbuuzi. Mukalowa nacho m'nyumba chidzazimirira. Pambuyo pake, ngati pali foni, jambulani munthu mmodzi kanayi: atayang'ana kudzuwa, atafulatira dzuwa, ali pansi pa mtengo wa mango, ndiponso ali m'kalasi, ana anene okha pamene nkhope yaoneka bwino, ndi chifukwa chake. Auzeni kuti wojambula chinthu chofunika agwire foni ndi manja awiri, asatambasule chithunzi pofuna kukokera zakutali pafupi, aonetseko chizindikiro cha malo, ndipo asadule chiyambi ngakhale chikhale choipa maonekedwe.

Koma choposa zonse, aphunzitseni kufunsa. Pamene aona kanema wa munthu wamba pa wailesi, afunse mafunso anayi: Kodi kuwala kunali kuchokera kuti, ndipo kunasiya chiyani mumdima? Wojambula anaima pati? Kunachitika chiyani kamera isanayatsidwe? Ndani anadula kapena kukonza kanemayu asanatifike? Pabwalo la mfumu mboni siingomveredwa chifukwa yanena kuti inaona, akulu aifunsa kuti, "Unali pati? Kunali mwezi kapena mdima?" Kamera nayo ndi mboni, ndipo iyenera kufunsidwa chimodzimodzi. Anthu oposa 60 a ku Los Angeles anafa mu 1992 pa mkangano wa zimene tepi imodzi yausiku inaonetsa ndi zimene inabisa. Mwana wophunzira kufunsa mafunso anayiwa sadzanyoza mboni yotere chifukwa cha kusauka kwa maonekedwe ake, ndiponso sadzainenetsa zimene iyo sinaone.